Kamera ya Padenga la Achimwene

Ndinadzuka kusanache, mwera ukugwedeza malata. M'nyumba amayi a mpingo anali atatopa ndi nyimbo, ena akuwodzera pafupi ndi bokosi la achimwene. Panja amuna tinali titazungulira moto, koma anzanga onse anakhala mofulatira nyumba. Palibe ankafuna kuyang'ana padenga.

Padengapo panali kamera yaing'ono yoloza kumwamba. Achimwene atapuma ntchito ku fakitale ya shuga, anabwerera kuno ku Chia n'kulowa gulu la anthu wamba a m'mayiko ambiri amene amajambula nyenyezi zothothoka, zithunzizo n'kumatumiza kwa akatswiri pa intaneti. Kamerayo inkadziyatsa yokha kukada, ndi batire la sola. Mwini wake anali atamwalira, koma iyo inachezera usiku wonse pamodzi nafe.

Kutacha mphepo inaleka mwadzidzidzi. Amayi anakoleza moto kuseri, mpunga uku, kondowole uko. Anthu a ku Nkhunga anafika pa lole, ena anawoloka pa mabwato. Kutali kunyanja kunaima nkhungu, tizilombo touluka tija, mizati yakuda ngati utsi, osasuntha.

Mkulu wa adzukulu anandiitanira pambali, makasu ali pansi.

"Bambo, manda sitikumba chinthucho chikadali maso."

Ndinafotokoza kuti chimangoona nyenyezi basi.

"Ndiye kuti chimaona chilichonse chodutsa kumwamba usiku," anatero.

Alamu, mkazi wa malemuwo, atamva analira kwambiri. Achimwene ali m'chipatala anawapempha kuti kamerayo isazimitsidwe, poti kumbali yathu ino ya nyanja sankadziwa wina wojambula. Koma dzuwa linali likukwera, ndipo maliro sakanadikira. Ndinabwereka makwerero kwa aneba, ndinakwera, n'kuivundikira ndi ndowa yachitsulo, pamwamba n'kusanjikapo njerwa. Nditatsika, mwini makwerero anawanyamula. Adzukulu anatola makasu.

Tinanyamuka masana. Bokosi linadutsa m'minda ya chinangwa, nyimbo ikuyenda pang'onopang'ono. Tili m'njira, mayi wina wokalamba anandigwira mkono. Dzanja lake linali lozizira.

"Zithunzi za malemuwa munaziona?"

"Ayi, mayi."

"Musazione."

Kumanda, mkulu wina wa mpingo anandinong'oneza kufunsa ngati makinawo amasunga za chaka chatha. Pobwerera, msodzi amene tinakulira limodzi anafunsa ngati amajambulanso nkhope. Onsewa ndi anthu amene ndimawapatsa moni tsiku lililonse. Palibe anafunsa za nyenyezi.

Madzulo anthu anabalalika msanga kuposa mmene zimakhalira pa maliro. Achibale otsala anakagona kwa aneba. M'nyumba munatsala fungo la utsi ndi mphasa zopindidwa, ine ndi alamu, ndi kompyuta ya achimwene, yolandira zithunzi za kamera ija, pa tebulo lawo.

"Kachotseni ndowa ija," anatero alamu. "Ndinawalonjeza."

Ndinatuluka kuti ndikabwerekenso makwerero, koma ndinaima pakhonde. Ndowa inali pansi, itaikidwa bwinobwino pafupi ndi chitseko, njerwa ili m'kati. Ndinayang'ana kwa aneba. Makwerero anali pomwe amakhala, atamangiriridwa ku mtengo wa mango.

Ndinalowa n'kukhala pansi. Alamu anandiyang'ana. Kutada, kompyuta inayamba kung'ung'uza yokha pa tebulo, ndipo tonse awiri tinatembenuza mipando kuyang'ana kukhoma.