Sowo ya Pakhonde la Agogo

Chaka chimene anandichotsa ntchito kuesiteti ndinatha milungu itatu ndisakukhazikika. Ndikakhala pansi kuti ndidye, ndinkadzuka chakudya chisanathe n'kupita pakhonde kukayezanso malo amene ndinali nditayeza kale dzulo lake.

Ndinagwira ukalipentala kuesiteti ya tiyi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakonza zitseko za nyumba za antchito, mabenchi a pasikelo yoyezera tiyi ndi matabwa a m'fakitale. Atatichepetsa ndinabwerera kwathu ku Kapichi ndi bokosi la zida zamanja. Pakhomo tinalipo awiri, ine ndi agogo. Ndi mayi a mayi anga, ndipo ndiwo anandilera kuyambira ndili sitandade wani, makolo anga atamwalira motsatizana. Pa nthawiyi miyendo yawo inali itatupa, moti kuchoka pamphasa kukafika kukhitchini ankapumira panjira.

Ntchito inalipo ndithu. Anthu ankafuna zitseko, mafelemu, mabedi. Vuto linali kung'amba matabwa. Kwathu kuno thabwa lopezeka ndi la bulugamu, ndipo ukaliyamba ndi sowo yamanja, pofika masana mkono wafa, thabwa likadali pakati. Ndiye ndinkamanga matabwa panjinga mpaka ku Luchenza, kukaima pamzere pa makina a eni ake. Magetsi akathima, kubwerera nawo momwemo. Tsiku lathunthu, agogo ali okha.

Msuweni wanga, mwana wa amalume, ali ndi shopu ya mipando ku Limbe. Tsiku lina anandiimbira foni.

"Msuweni, ukuvutikiranji kumeneko? Malo alipo kuno. Koma mwezi uno ukatha ndimpatsa wina, akundisowetsa mtendere."

"Nanga agogo?"

"Uziwatumizira kangachepe. Azimayi apamudzipo alipo, aziwatungira madzi."

Ndinaonapo mmene anthu amatungira madzi nkhalamba ya eni ake: sabata yoyamba tsiku lililonse, kenako akakumbukira. Nkhani inali yoonekeratu. Ndikakhala ndi sowo yamagetsi pakhonde, ndikhala ndi agogo. Ikapanda kupezeka, ulendo wa ku Limbe. Ndipo ndalama zimene anandipatsa pochoka kuesiteti zinkakwana makina amodzi okha.

Masowo a patebulo ndinapeza awiri. Yoyamba inali m'sitolo ina ya zida ku Limbe komweko: yatsopano, yachikasu, yopepuka moti munthu mmodzi atha kuinyamula. Wogulitsa anatenga kathabwa ka paini pansi pa kauntala n'kukadutsitsa, fyuu. Ndinaona kuti pansi ponse panali tizidutswa ta paini tokhatokha. Ndinatulutsa m'chikwama chidutswa cha bulugamu chomwe ndinabwera nacho.

"Bwana, muno si mogulitsa nkhuni," anatero.

"Tangoyesani."

Sowoyo inalowa pang'ono, kulira kwake kunasintha, kenako kunamveka fungo la kupsa. Anazimitsa msangamsanga.

"Mtengo wanuwu ndi wauwisi."

"Kwathu yonse ndi yotero."

Yachiwiri inali ku Luchenza, kuseri kwa chigayo, kwa bambo wina wowotcherera zitsulo amene aliyense ankangomuti mjomba. Anaipanga yekha. Tebulo lachitsulo lolemera, mpeni wozungulira waukulu ngati mbale yodyera banja lonse, lamba, ndipo pansi pake mota yonenepa yobiriwira. Penti imeneyo ndinaizindikira. Inali ya mota zoyendetsa mafani opemerera tiyi m'fakitale. Mjomba anati anaigula esiteti ina itagulitsa zitsulo zakale. Bulugamu wanga uja anangodutsa ngati chinangwa chophika.

"Iyi, achimwene, ngakhale njanji ing'amba," anatero akupukuta manja pa ovololo.

Sindinagule tsiku lomwelo. Ndinabwererako kanayi. Ulendo wina ndinakayeza ngati chitsulo chotsamiritsa thabwa chinali chowongoka. Ulendo wina ndinavula lamba n'kuzungulitsa mpeni ndi dzanja, khutu lili pamabelingi. Ulendo wina ndinaika kapu ya madzi patebulo makina akulira, kuti ndione mmene ankanjenjemera. Ndikafika kunyumba mtima unkabwereranso kwa yachikasu ija, kuti mwina ndikanamaumitsa matabwa ikanakwanitsa, ndiponso inali ndi chotchinga mpeni pomwe ya mjomba inalibe. Kukacha ndinkapezeka ndili panjinga ya ku Luchenza.

Agogo ankandiyang'ana ndikusamba m'mawa.

"Amunanga, mwapeza mkazi wina ku Luchenzako eti? Tsiku ndi tsiku sopo."

"Ndi makina, agogo."

"Onse amatero. Mubwere naye ndimuone ngati amadziwa kusinja."

Za ku Limbe sindinawauze, koma ndikuganiza ankadziwa. Foni ikalira ankatsitsa wailesi.

Ndinagula ya mjomba kutatsala masiku asanu kuti mwezi uthe. Inabwera pa kapikapu tsiku la chiperoni, msewu wodutsa m'minda ya tiyi uli poterera, ndipo tinaitsitsa anthu asanu ndi mmodzi. Inakwana ndendende pamalo ndinayeza paja. Anthu anadzaza pabwalo ngakhale kunkawaza. Agogo anawakokera mpando pakhomo.

Ndinatambasula nthambo yake kuti ndilumikize kukhoma. Inali yonenepa ngati chala chachikulu, kumapeto kwake kulibe pulagi, kuli mawaya anayi osenda. Ndinayang'ana mawayawo, ndinayang'ana soketi yathu yomwe timatchajirapo foni, ndinayang'ananso mawayawo.

Pagulupo panali bambo wina wachikulire amene kale ankakonza magetsi kufakitale. Anabwera, anagwada, anapukuta kachitsulo kolembedwa pamota paja ndi chala.

"Mphwanga, magetsi a filii fezi uli nawo pano?"

"Magetsi tili nawo."

"Awa ndi a babu ndi wailesi. Ichi chimadya magetsi a kufakitale kapena a pachigayo. Mudzi wonse uno mulibe nthambo zotero."

Wina kumbuyo anaseka. Wina anati, "Ndiye tizidyerapo, tebulo ndi labwino." Zaka zisanu ndi zinayi kuesiteti ndinkangodina batani lobiriwira makina n'kulira, osafunsa kuti magetsiwo ndi amtundu wanji. Kwa mjomba ndinayang'ana chilichonse kupatula kumene nthamboyo inkapita. Inkadutsa pabowo la khoma kulowa m'chigayo.

Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Agogo anangoti, "Mkazi wako sayankhula," n'kupempha kuti ndiwathandize kulowa.

Tsiku lotsatira ndinayenda popanda kolowera. Ndinafika mpaka pamlatho, ndinabwerera, ndinavundukula pepala lomwe ndinafunditsa makinawo, ndinafunditsanso. Ndinatsitsa chikwama changa cha paulendo n'kuchiika pabedi, osaikamo kanthu. Msuweni anaimba kawiri, sindinayankhe.

M'mawa mwake ndinali kwa mjomba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula kofia n'kukanda mutu.

"Achimwene, munandifunsa za magetsi? Munafunsa lamba, mabelingi, mpaka kapu ya madzi. Ine ndimati munthu wa kuesiteti akudziwa zonse."

"Muitengenso, mjomba."

"Ayi. Ndalama zanu ndagulira kale zitsulo zina. Ndiitengenso ndi chiyani?"

Ndinakhala pa tayala lakale pafupi ndi khomo. Sindinakangane naye, sindimatha. Ndinangokhala. Iye anawotcherera geti lina, anapita kumzikiti kukaswali, anabwerera, anandipeza pomwepo. Anapukusa mutu n'kulowa m'chigayo. Ndinamva akukambirana ndi mwini chigayocho mokweza mawu, makina akulira.

Atatuluka anati, "Mota yanuyo mwini chigayo akuifuna. Mubweretse. Ine ndikupatsani iyo." Analoza kamota kakang'ono kakuda ka pampu yamadzi kamene kanali pakona. "Iyi imalira ndi magetsi a m'nyumba. Koma ndikuuziretu, mphamvu ndi theka. Bulugamu muzimulowa kawiri, mbali iyi kenako mbali inayo. Mukakakamiza ipsa, ndipo musadzabwere kudzandikhalira patayala."

Mota yobiriwira ija ndinapita nayo panjinga ndikukankha, chifukwa kukwera sikukanatheka. Mjomba anabwera yekha tsiku lomaliza la mwezi ndi masipanala ake, anaboola mabowo atsopano, anasintha gudumu la lamba, anamangirira pulagi. Pabwalo panalibe munthu ulendo uno, kupatula agogo pampando wawo.

Nditayatsa, babu la m'nyumba linachita mdima pang'ono kenako linabwerera. Mpeni unazungulira. Ndinautsitsa kuti udye theka la thabwa, ndinakankha pang'onopang'ono ndikumvetsera kulira kwake, ndinatembenuza thabwalo n'kukankhanso. Linagawanika. Pakati pomwe mbali ziwirizo zinakumana panatsala kamzere kotukuka, koyenera kupala ndi randa. Mpaka lero thabwa lililonse limatuluka nako. Pofika madzulo ndinali nditang'amba matabwa a zitseko ziwiri.

Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kuimbira msuweni.

"Malo aja umpatse winayo."

"Wapenga iwe. Ndamva kuti wagula tebulo lodyera."

"Ikulira tsopano."

"Ndi mota ya pampu? Ikapsa usadzandiimbire."

Ndinadula foni ndikudziwa kuti ikanathadi kupsa. Nditabwerera pakhonde ndinaika dzanja pamota paja. Inali yotentha, koma osati yootcha. Agogo anali atayamba kukoka mphasa yawo kulowera kumtengo wa mapeyala, akutukwana m'Chilomwe.

"Phokoso limeneli ndi la tsiku lililonse?"

"Magetsi akakhalapo, agogo."

"Ndiye azithima kawirikawiri. Tabwera undinyamulire mphasayi."