Khadi la Matenda a Nkhuku

Khadi lija ndikadali nalo. Ndi laling'ono ngati chikhatho, lili ndi kabowo kong'ambika m'munsi, ndipo lachita chikasu ngati dzino la wosuta fodya.

Linali dzinja, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, sukulu ndisanaipondeko. Amayi ankasesa mu laibulale ina kuno ku Zomba, ndipo mvula ikatsika m'phiri ankanditenga kuti ndiziika mabeseni podontha. M'katimo munkanunkha nkhungu ndi polishi. Akulu a laibulaleyo anali bambo wowonda, wa magalasi omanga ndi ulusi. Ntchito anaiyamba ali wopukuta fumbi, ndipo makadi onse a m'madilowa anawalemba ndi dzanja lawo, buku limodzi khadi limodzi. Ankakonda kunena kuti, "Buku lopanda khadi ndi munthu wopanda mudzi. Lilipo, koma adzalifunsa ndani?"

Tsiku lina ndinapeza dilowa yotsegula. Ndinazula khadi limodzi n'kulibisa m'kabudula. Ndinkangofuna kukhala ndi zilembo zangazanga.

Lachisanu lililonse akuluwo ankayenda ndi dilowa m'manja, kufananiza makadi ndi mabuku a pashelefu. Buku lina linapezeka lopanda khadi. Kalaliki wawo analoza amayi. "Ndi osesawa! Osaphunzira amayesa pepala lililonse ndi zinyalala. Achoke basi."

Amayi anagwada, tsache lili m'manja. Ntchito imeneyo ndiyo inkatidyetsa. Ine ndinali chilili pomwepo, khadi likundiotcha pantchafu, koma ndinangoti duu. Ndakalamba tsopano, ndachimwa zambiri, koma kukhala chete kumeneko ndiko kumandilumabe.

Akuluwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo kwa nthawi. Kenako anati, "Dzukani, mayi. Tsache silitsegula dilowa." Anakhala pansi, analemba khadi lina, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kuyambira Lolemba lake ankandiitana mvula ikachepa. "Iwe wa mabeseni, tabwera kuno." Ankatulutsa khadi latsopano lija n'kumandilozera zilembo ndi msonga ya pensulo, madzi akudontha tho, tho, m'beseni. Anali masiku okoma. Mawu oyamba amene ndinawerenga pa moyo wanga anali akuti, "Nkhuku, matenda ake." Nditafika kunyumba ndinatulutsa langa kuseri kwa khitchini, ndipo ndinapeza mawu omwewo. Ndinavina ndekha m'matope.

Mvula itatha tinasamukira ku Malosa. Sukulu yeniyeni ndinaiyamba ndevu zitamera. Akuluwo anagwira ntchito mpaka maso atafooka, ndipo anamwalira matipate atangoyamba. Ndinapita kumaliro ku Chikamveka, khadi lili m'thumba la jekete, n'kubwera nalonso. Amayi anali atamwalira kale ndisanawauze za khadilo.

Dzinja lija ndinkadabwa kuti pa makadi onse odzaza madilowa, akulu aja ankandiphunzitsira pa limodzi lokhalokha, tsiku ndi tsiku. Ndinkati akuluwa ndi oiwalaiwala, ndipo ine ndachita mwayi.