Mbozi za a Kettie

A Kettie Chadza anafika ku Chinsapo ali mtsikana, atakwatiwa ndi kalipentala wa ku Dowa. Bamboyo anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ana awo awiri ali ku Joni, ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo. Mayiwa anatsala okha m'nyumba ya zipinda zitatu, kuseri kwake kuli kadimba ka mpungabwi, nimu ndi mtengo umodzi wa mabulosi.

Kale pakhomopa sipankatha anthu. Wachifuwa ankamuwiritsira masamba a gwafa ndi mandimu, wachimfine ankamufukiza bulugama. Matenda akakula sankabisa: "Izi si zanga, pitani kuchipatala."

Kenako kunabwera bungwe lina lomwe linagawira amayi khumi, kuphatikizapo a Kettie, timazira ta mbozi zopanga ulusi wa silika. Chaka chisanathe, bungwelo linatseka ofesi. Anzawo onse anadyetsa nkhuku mbozizo, koma a Kettie zinawakanika. Anaziika m'malichero, m'chipinda momwe munkagona ana, ndipo katatu pa tsiku ankazithyolera masamba a mabulosi. Zikamadya zinkamveka ngati mvula yowaza, iwo n'kukhala pampando kumamvetsera.

Mphekesera inayambira pampopi: akuti mayi aja akuweta mbozi m'nyumba, n'zokhwimira. Odwala anayamba kuchepa. Kutchalitchi, pabenchi yawo pankatsala malo mbali zonse ziwiri.

Tsiku lina masana kunabwera a Mwanamisi, ogulitsa zitumbuwa a kuseri kwa mpanda, chifuwa chitawagwira. Anaima pageti.

"Lowani, amayi, dzuwali lanyanya," anatero a Kettie.

"Pompano pali bwino. Ndasiya mafuta pamoto."

"Mwamva zomwe akunena, eti? Bwerani mudzadzionere nokha. Ndi tizilombo chabe, timadya masamba."

A Mwanamisi anasuzumira kumsewu. "Ine zimenezo sindizikhulupirira. Koma anthu a kuno mukuwadziwa."

Analandirira botolo la mankhwala pamwamba pa geti, n'kuthokoza, ulendo. Patatha masiku anayi, a Kettie anapeza jumbo ya zitumbuwa itapachikidwa pagetipo. Woipachikayo sanaodire n'komwe.

Sabata yomweyo mbozi zinasiya kudya, n'kuyamba kudzikulunga m'tizikwa toyera. A bungwe aja anaphunzitsa kuti zikwazo uziziwiritsa mbozi zili momwemo, kuti ulusi usaduke. A Kettie anatereka madzi. Madziwo anawira, n'kuyamba kuphwa, iwo ali chiimire ndi lichero m'manja. Pomaliza anaphula poto, madziwo n'kutsukira mbale.

Patapita milungu iwiri, agulugufe oyera anaboola zikwa zija. Sankauluka, sankadya. Anaikira mazira pa nyuzipepala yakale, ndipo m'masiku ochepa onse anafa. A Kettie anawasesa n'kukawakwirira m'dimba, pepala la maziralo n'kuliika pamwamba pa kabati, pozizira. M'nyumbamo munangoti zii, moti tsiku limenelo wailesi anaitsegula m'mawa, n'kuisiya ikulankhula yokha mpaka mabatire anatha.