Tinawoloka ndi Miyendo Kukamanga Ukwati Pachilumba

Ndinakwatiwa kachiwiri imvi zitayamba kale kutuluka m'mbali mwa makutu, ndipo ndinakwatiwa masana dzuwa likuswa mtengo. Ambiri ankafuna kuti ndichite mobisa, ngati munthu woba nkhuku.

Mwamuna wanga woyamba anafa pangozi ya minibasi pamsewu waukulu wopita ku Chipata, ana athu awiri akadali kupulayimale. Maliro atatha, mkulu wake anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti kuyambira tsopano ndikhala mkazi wake wachiwiri. Ndinakana. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino, mulamu. Koma mukakana ine, mwakana amuna onse. Mudzakalamba nokha m'nyumba ya mng'ono wangayi."

Ana ndinawalera ndekha, ndikuchapa nsalu za odwala kuchipatala cha mishoni. Zaka zinapita, manja anakhakhala ndi sopo, ana anakula n'kuchoka. Ndipamene ndinadziwana ndi bambo wina wofedwa ngati ine, wokonza njinga pansi pa mtengo pamsika wa Rufunsa. Makolo ake anachokera ku Katete. Anali munthu wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa mwana, ndipo mukwaya ankaimba besi yosochera. Tsiku lina atandikonzera tcheni anakana kundibwezera njinga mpaka nditamva zimene anali nazo mumtima. Ndinavomera pomwepo, chifukwa pamsinkhu wathu munthu sazengereza.

Nkhani itamufika mulamu uja, anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Ankati ndine mkazi wa banja lawo mpaka imfa, ndipo tsiku la ukwati adzaimirira m'tchalitchi n'kundichititsa manyazi. Azakhali anga anachita mantha. Anati, "Mwana wanga, chitani mkati mwa sabata, Misa ya m'mawa ikatha. Muvale chitenje, mboni ziwiri, basi." Mwana wanga wamkazi, yemwe amaphunzitsa ku Lusaka, anandiimbira foni n'kundifunsa, "Amayi, diresi loyera pamsinkhu wanu? Anthu azati chani?" Mawu a mulamu sanandipweteke ngati amenewa.

Kumunsi kwa mishoni kuli damu lalikulu limene ife timalitcha nyanja, poti ina sitinaionepo. Pakati pake pali kachilumba, ndipo wansembe wina wakalekale anamangapo guwa la miyala pansi pa mkuyu, mabenchi a simenti ndi mtanda wachitsulo. Palibe denga, palibe khoma. Misa imachitikapo mwa apo ndi apo, ndipo anthu amawolokerapo pa bwato la msodzi wina wa m'mudzimo.

Ndinapita kwa wansembe wathu n'kunena kuti, "Abambo, ine ndikufuna ukwati wanga pachilumba."

"Chifukwa chiyani, amayi? Tchalitchi chilipo."

"Chifukwa pachilumba palibe khoma. Amene akuti ndibisale aime kumtunda, andione bwinobwino."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti ayamba wafunsa akuluakulu ake. Patapita masabata angapo anandiuza kuti alola.

Linali Loweruka, mu Okutobala, kutentha kwa kwathu kuno kumene kumaumitsa ndi malovu omwe. Tinatsikira kudamu ndi akwaya, azakhali ndi anthu ambiri kuposa amene ndinawaitana. Mwana wanga wamkazi uja anabwera ndithu, koma ankayenda pambuyo, nkhope ili gwa. Titafika padooko tinapeza bwato palibe. Mkazi wa msodzi uja, maso ali pansi, anati ba mulamu anabwera m'mamawa n'kulibwereka. Tinaliona tsidya lina, iwo atakhalamo, atafunda ambulera yakuda.

Wansembe anati, "Tibwerere kumtunda, amayi. Tchalitchi n'chotsegula, ukwati ndi womwewo."

Amene ndinkakwatiwa nayeyo anandinong'oneza kuti, "Mwina Abambo akunena zoona."

Ndinavula nsapato. Ndinkadziwa kuti mwezi umenewu madzi amaphwera, ndipo ng'ombe zimawoloka cha kumbali ya bango kukadya udzu wa pachilumba. Ndinati, "Pamene ng'ombe imadutsa, inenso ndidutsa. Amene akufuna Misa anditsate."

Nditangoponda m'madzi, wina anandigwira mkono. Anali mwana wanga. Ndinaganiza kuti akufuna kundibweza, koma anati, "Amayi, diresi. Simungalowe nalo m'matope." Anaitana amayi a kwaya, anandizungulira ndi zitenje, ndinavula diresi n'kumanga chitenje pachifuwa. Iye analipinda bwinobwino, n'kulisenza pamutu, n'kulowa m'madzi patsogolo panga.

Mkwati anaima pagombe, suti ili m'thupi. Anati, "Ine madzi ndimawaopa, mukudziwa."

"Ndikudziwa. Gwirani phewa langa, muziyang'ana mtanda uwo, osayang'ana pansi."

Anagwira mwamphamvu moti zala zake zinandisiyira zipsera. Matope ankatimeza mpaka m'akakolo, madzi anakwera m'mawondo, m'chiuno, mpaka pachifuwa. Ndinkamumva akupuma ngati munthu wokwera phiri. Nditacheuka ndinaona wansembe atapinda thalauzi pachabe, chikwama cha ziwiya za Misa chili pamutu, ndipo kumbuyo kwake akwaya ali pamzere, ng'oma ili m'mwamba, atayamba kale nyimbo. Okalamba ndi amene ankaopa anatsala kumtunda, azakhali atagwira kukamwa.

Pachilumba ndinavalanso diresi kuseri kwa mkuyu. Linali louma, loyera mbee, koma kumapazi kunali matope okhaokha. Mkwati anaima paguwa madzi akuchucha m'matumba a jekete, chifukwa ndi mantha aja sanakumbukire kuivula.

Misa ili mkati tinamva nkhafi. Mulamu anali atapalasa bwato n'kuliimika pafupi, pamene akanatha kumva mawu onse. Wansembe anamuona. Anaika buku pansi n'kufunsa mokweza ngati panali wina wodziwa choletsa ukwati umenewu. Ndinatembenuka thupi lonse n'kumuyang'ana mulamuyo m'maso. Ndinali nditamuopa zaka zambiri, ndikumapatuka njira ndikamuona pamsika, koma tsiku limenelo ndinaona nkhalamba chabe, itakhala m'bwato la eni, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana wa mng'ono wake ataima pambali panga chitenje chili chonyowa, ndipo sanatsegule pakamwa. Wansembe atandifunsa ngati ndikulola kukwatiwa ndi bambo ameneyu, ndinayankha mokweza kuti ndi akumtunda omwe amve. Anamvadi, chifukwa nthungululu zinayambira kumeneko.

Pomaliza Misa bwato linali litabwerera kwa mwini wake, ndipo msodziyo anabwera nalo kudzatitenga, akupepesa kosalekeza. Mwamuna wanga ndiye anali woyamba kukwera, osadikira n'komwe mkwatibwi, ndipo akwaya anamuseka mpaka kumtunda.

Mulamu sanabwere kuphwando ndipo mpaka lero sandiyankha moni. Ine ndimamupatsabe, mokweza, paliponse pamene takumana. Nyumba ija ndinasiyira mwana wanga wamwamuna n'kusamukira kwa mwamuna wanga. Kutchalitchi alipo amayi ena amene amati ndinachita zamwano, kuti mkazi wamasiye amayenera kudzichepetsa. Ndimawamva, koma sindinapepesepo kwa aliyense.

Lolemba lake ndinapita kuntchito ndikutsimphina, chifukwa chigoba cha nkhono chinali chitandicheka kuphazi m'matope muja, ndipo ndinazindikira phwando litatha. Namwino wina wachitsikana, pomanga balalo, anandifunsa ngati zimene anamva zinali zoona. Ndinamuuza kuti amange msanga, nsalu za kuwodi zikundidikira, nkhaniyo ndimufotokozera yonse pa nthawi ya tiyi.