Bambo a Makala a ku Manyamula

Ndinakulira pa Boma la Mzimba, kumene mayi anga anatumizidwa kukagwira ntchito ya unamwino kuchokera kwathu ku Dedza. Makala tinkagula kwa bambo ena a ku Manyamula, aatali, osayankhulayankhula, amene ankabwera Loweruka lililonse akukankha njinga yosenza matumba atatu. Mayi ankawapatsa madzi akumwa pakhonde, iwo n'kungothokoza m'Chitumbuka kuti "yewo chomene," n'kumapita.

Patapita zaka ndinakhala mphunzitsi wa kuyunivesite, wofufuza za moyo wa m'matauni ndi zachilengedwe. Nkhani yanga yoyamba kusindikizidwa inali yodzudzula owotcha makala. Ndinalemba kuti ndiwo akumeta mapiri, ndipo anzanga anandiyamikira.

Kenako ndinabwerera ku Mzimba ndi mapepala a mafunso. Tsiku lachitatu ndinakumana ndi bambo aja pamsika. Anali atakalamba, msana utapindika, njinga atasiyira mkamwini wawo. Anandizindikira ndi mpata wanga wa m'manowu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine n'kuyamba kufunsa kumene ankadula mitengo, komanso ngati ankadziwa kuti nkhalango ikutha. Anayankha mofatsa, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka. Anati ankadziwa bwino lomwe, poti chaka ndi chaka ulendo wa kutchire unkatalika, ndipo kamtsinje kamene akazi awo ankatungako kanaphwa. Makalawo anawayamba chaka chimene chimanga chinapserera m'munda, ali ndi ana asanu.

Nditatseka kope anapempha kuti nawonso afunseko.

"Mwana wa anesi, papepala lanulo alipo malo a anthu amene ankaphikira makalawo?"

Panalibe. Ndinagwidwa ndi manyazi, pakuti ngakhale kunyumba kwanga mumzinda, magetsi akazima tinkathamangira mbaula. Bambowo anangofunsa za mayi, ndipo nditawauza kuti anatisiya, anavula chipewa n'kuwerama kanthawi.

Ndinakhalanso milungu iwiri, ndikuyenda m'makhitchini a aphunzitsi, apolisi ndi a m'maofesi. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inasintha: ndinayamba kufufuza chifukwa chake tauni imadya, koma mlandu n'kugwera wakumudzi.

Chaka chotsatira ndinapita ku Manyamula kukawawerengera zimene ndinalemba. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundikonza pawiri. Dzina la mtengo wina ndinali nditaphonya, ndipo mtunda wa njinga ndinali nditaufupikitsa.