Ndiwo Zopanda Mchere

Ndinabwera kuchokera ku Lilongwe nditanenepa moti siketi yanga yothyolera tiyi inakana kutseka. Mwana wanga wamkazi, yemwe anakwatiwa kumeneko, anandiitana nyengo yozizira, nthawi imene tiyi amachepa ndipo ife othyola timapatsidwa tchuthi. Abale inu, ndinadya! M'mawa buledi wopaka majarini, mazira, soseji. Masana nkhuku yokazinga ndi tchipisi, chakumwa cha m'botolo chili pambali. Ndikati ndakhuta, mkamwini wanga ankati, "Amayi, onjezerani, kwanu kuja mumazunzika." Chakudya cha mkamwini ungachikane bwanji? Komanso pakamwa panga pankafuna, ndisanamizire anthu.

Nditafika kumalayini a pa esiteti, kumene ndimakhala ndekha chimwalirireni amuna anga, azimayi anandiyamikira kuti tauni yandiyanja. Ine kunyada, chitenje chatsopano m'chiuno.

Kunyadako sikunakhalitse. Nditangoyambiranso ntchito, dengu lili kumsana, mutu unayamba kugunda, m'maso munachita mdima, ndinangokhala pansi pakati pa mizere ya tiyi. Akapitawo ananditumiza kuchipatala cha pa esiteti. Namwino atandimanga chija cha pamkono choyezera kuthamanga kwa magazi anapukusa mutu.

"Mayi, BP yanu yakwera moopsa. Mchere musiyiretu, mafuta pang'ono, masamba ambiri. Mukapanda kumvera mudzagwa."

Kugwa kumeneko ndimakudziwa. Amuna anga anagwa choncho, n'kufa ziwalo mbali imodzi. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala mpaka tsiku lomaliza. Iwo anali ndi ine. Nanga ine nditagwa, anditembenuze ndani? Ndinachita mantha zedi.

Koma sindinauze munthu aliyense. Ndikanayamba bwanji? Ndinene kuti chakudya cha mwana wanga chandidwalitsa, pamene dzulo lomweli ndimayenda motukumuka mulayini? Ndinangoti pakamwa tseke.

Pakhomo loyandikana ndi langa pamakhala mnzanga wa kwa Changata, amene timaitanana kuti achemwali. Amuna ake ndi alonda kufakitale, amachoka dzuwa lisanalowe, ndiye kwa zaka zambiri ife awiri tinkadyera limodzi chamadzulo pakhonde langa. Lero ndiwo zake, mawa zanga, koma mbale ya ndiwo inali imodzi. Miseche yonse ya pa esiteti inkathera m'mbale imeneyo.

Tsiku limenelo ndinaphika nkhwani wotendera. Mnzangayo anasunsa mbamu, n'kuika pakamwa.

"Achemwali, mwaiwala mchere."

"Sindinaiwale. Ndasiya kuthira."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pachitenje chatsopano chija. Kenako anasamba m'manja, nati m'mimba mukumupota, n'kulowa kwawo. Mawa lake sanabwere. Mkuja wake chimodzimodzi.

Ine kupusa, sindinaganizeko. Kwathu kuno mkazi sasiya kuthira mchere popanda chifukwa. Ngati sali kumwezi, ndiye kuti wayenda ndi mwamuna wamseri, ndipo akuopa kuti akathira mchere ndi dzanja lotenthalo adula anthu akudyawo, atupa, atsokomola. Za kumwezi ine ndinatsazikana nazo kalekale, layini yonse ikudziwa. Ndiye chatsala n'chiti? Onjezerani kunenepa kuja, chitenje, ndi foni yolira madzulo aliwonse, chonsecho woimbayo ndi mwana wanga.

Ndinazindikira tsiku lina pa sikelo, tikuyezetsa tiyi. Kamtsikana kena kopanda mwambo kanafunsa mokweza kuti, "Agogo, abambo a ku Lilongwewo abwera liti kudzationa?" Mzere wonse unaphulika kuseka. Mnzanga uja anayang'ana m'dengu lake.

Masiku amenewo anandiwawa kuposa mutu uja. Ndinasiya kudyera pakhonde. Ndinkatseka chitseko, chiperoni chikuwaza panja, n'kukhala pamphasa ndi nandolo wanga wozizira m'kamwa. Ndiwo zopanda mchere sizitsika, inu. Umatafuna ngati ng'ombe, maso ali pakhoma. Ndipo makoma a m'malayini ndi opyapyala, ndinkamva mnzanga akukokota mphika kuseri, fungo la usipa wokazinga likulowera pansi pa malata. Naye ankadya yekha. Tsiku lina ndinatenga paketi ya mchere, ndinaigwira nthawi yaitali m'manja. Kutsina kamodzi kokha, n'kuitana kuti achemwali bwerani mulawe, nkhani yonse ikanatha. Koma ndinakumbukira pakamwa pa amuna anga mmene panapotokera, ndinaibweza pashelefu. Ndinalira, ine mayi wamkulu, kulirira mchere.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi zinandikwana. Ndinapita pakhomo pa mnzanga uja, odi wake wa mkwiyo.

"Achemwali, tandiyang'anani bwinobwino. Imvi izi, mawondo olira ngati chitseko chakale, mwamuna wake uti angandithamangire? Ndi BP, mwamva? Akuchipatala andiletsa mchere. Ndikapitiriza ndigwa ngati malemu aja."

Anagwira pakamwa. "Mayo ine! Nanga osanena bwanji?"

"Nanga inu osafunsa bwanji?"

"Ndifunse chiyani? Za mwamunazo sizinandikhudze, mukanapeza ndikanavina nawo. Chinandipweteka n'choti mwandibisira, ine wodya nanu mbale imodzi. Ndinati basi, anthu alawa za m'tauni, ife tanunkha utsi."

Tinakalipirana mpaka tonse misozi, ana a mulayini atatiunjirira ngati pali sewero.

Madzulo ake anabwera pakhonde, mchere wake atamanga pakona ya chitenje. Ndinali nditaphika chigwada. Ndinaika mbale pakati monga kale. Iye anamasula kamfundo kaja, natsina mchere.

"Ndithira mbali yanga yokha," anatero.

"Achemwali, msuzi umadziwa malire?"

Dzanja lake linaima m'malere. Tinayang'anana. Ndinanyamuka, n'kulowa m'nyumba kukafuna mbale ina. Yomwe inalipo inali imodzi yokha, yachitsulo yamaluwa ofiira, imene ankadyera amuna anga. Chimwalirireni iwo ndinali ndisanaikhudze. Ndinaitsuka fumbi, ndinagawa chigwada pawiri, n'kumupatsa.

Pano siketi ija imatseka, mutu unaleka kugunda, ndipo namwino akandiyeza sapukusanso mutu. Lilime nalo linazolowera, mpaka ndimamva kutsekemera kwa nandolo kumene kale sindinkakudziwa. Mnzanga amabwerabe madzulo aliwonse ndi kamfundo kake ka mchere, ndipo miseche timaidyabe. Koma kale zala zathu zinkakumana m'mbale, tinkalimbirana nthuli yomaliza, iye n'kundimenya padzanja kuti dyera. Lero aliyense amaweramira yake. Ndikamaliza ndimangokhala, n'kumayang'ana dzanja lake likusunsa m'mbale ya amuna anga.