Zipolopolo za asibweni, dzanja la adada

Ndikukumbukira fungo la mtovu ukamasungunuka. Linkakanda kukhosi ngati utsi wa tayala, moti amama ankatithamangitsa kuti tikaphikire ufiti wathuwo kuseri kwa khola la mbuzi. Adada anali msodzi ku Sangilo, koma ankadziwika kwambiri ndi kuumba timiyala ta mtovu tomiza ukonde. Ankaswa mabatire akale a galimoto, kusungunula mtovu wake m'chitini, n'kuthira m'timabowo ta dongo. Ine ndinali kamtsikana ka Sitandade 4, ntchito yanga inali kukupiza moto ndi chivundikiro cha ndowa mpaka maso psuu. Dzanja lawo lamanja ndi limene linkatidyetsa. Lomwelo linkathira mtovu, kusoka ukonde, kupalasa bwato, ndi kutikoka makutu tikalakwa.

Chaka chimenecho kunabwera asibweni, mlongo wawo wa amama, kuchokera ku Joni. Anabwera ndi mabulangete, wailesi, ndi Chizungu chimene chinkawatuluka ngakhale pothamangitsa nkhuku. Atakhala masiku angapo anatulutsa m'sokosi kamfuti kakuda kokwana m'thumba la jekete. Ankakatchula kuti pisito. Sikanali ngati gogodela wa alenje a ku Vinthukutu, amene ukawomba kamodzi umayamba wakhala pansi kuthiramo onga. Aka ukakoka, kankalavula kachigoba ka mkuwa n'kudziikira kokha chipolopolo china. Asibweni anathera zipolopolo zawo zonse pa chulu ndi pa mtengo wa papaya, kungofuna kuti atsikana opita kukatunga madzi akuwe. Zitatha, anatituma ana kuti titole tizigoba tija mumchenga.

"Mlamu, inu ndi mtovu mumamvana," anatero kwa adada. "Ndiumbireni timitu ta zipolopolo basi, zotsalazo ndikuzidziwa ine."

"Mtovu wanga ngwa m'madzi, mlamu," adada anayankha. "Ngwofewa, umadindika ndi chikhadabo."

Koma mlamu amene ukufunda bulangete lake umamukanira bwanji? Amama nawo anaikapo mawu, ati musamuchititse manyazi mlongo wanga, wachokera kutali. Adada anaumba, ine ndinakupiza. Timitu tija tinatuluka tonyezimira bwino, ndipo ndinanyadira, kupusa kwa mwana! Zimene asibweni anakachita nato m'chipinda sindinazione.

Atayesa pa chulu paja, mfuti inalira, koma kalilidwe kake kanali kachilendo. Inkatsokomola utsi, nthawi zina kachigoba kankakanirira pakamwa pake. Madzulo ake ndinawapeza asibweni atakhala pa mtondo, akusuzumira m'mpope wa mfutiyo, akutokosamo ndi sipoko ya njinga. Munkatuluka tinyenyeswa totuwa ta mtovu umene unamatirira m'kati. Anapukusa mutu, n'kutsonya. Ankadziwa. Izi ndimazinena mpaka lero, ndipo sindidzasiya: munthu uja ankadziwa.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, azibambo anasonkhana pansi pa mango kudzaona chodabwitsa cha ku Joni. Asibweni anaikamo zipolopolo, anaitembenuza mfutiyo uku ndi uku, kenako anaipereka kwa adada akuseka.

"Wophika ndiye amalawa, mlamu."

Anthu anaseka. Adada sanali munthu wa mfuti, koma pamaso pa amuna anzawo akanatani? Analoza chulu, anatsinzina diso limodzi monga anaonera eni ake. Phuu! Mfuti inaphulikira m'dzanja mwawo, mbuzi zinadula zingwe. Utsi utachoka ndinaona adada atagwada, atapanira dzanja pakati pa mawondo, magazi akulowa mumchenga osasiya ndi chithaphwi chomwe. Sanalire. Ankangoyang'ana mlamu wawo.

Pamene amama ankafuna njinga yopita kuchipatala, asibweni anawagwadira, bambo wamkulu ndevu pepeya, akulira kuti akumeneko akaona bala aitana apolisi, ndipo mlongo wanu ndikafera kundende. Ndiye dzanja linakulungidwa m'chitenje ndi masamba osinja, n'kukhala m'nyumba. Linatupa mpaka m'chigongono. Litayamba kununkha, ntchentche zitadzaza pakhomo, m'pamene anawatengera adada kuchipatala cha ku boma, atapangana kuti akanene kuti ndi ng'ona. Madokotala anadula pa mfundo, pamene pamakhala wotchi. Adada asanatuluke, asibweni anali ataponya kale zidutswa za mfuti m'nyanja n'kukwera basi. Wailesi anatenga. Mabulangete anatisiyira, zikomo kwambiri.

Bwato linagulitsidwa. Ine sukulu inathera pomwepo, ndinayamba maganyu owokera mpunga ku Hara, m'matope ofika m'mawondo, misundu ikundiyamwa. Koma chimene chinkandiwawa kuposa zonsezo n'chakuti adada anasiya kudya ndi anthu. Ankachita manyazi kutema nsima ndi dzanja lamanzere, ndiye ankadyera kuseri kwa chitseko ngati mwana wakuba. Aliyense wofunsa ankamuyankha kuti ndi ng'ona, chifukwa cha amama. Ngakhale azibambo amene anali pansi pa mango paja anazolowera kunena kuti ndi ng'ona.

Masiku ano ku Sangilo sindionanso munthu akusungunula batire kuseri kwa khola. Zomiza ukonde amagula m'sitolo, ndipo ana anga amandiuza kuti utsi umene ndinkakupiza uja ndi poizoni. Wovulala amamuthamangitsira kuchipatala pa njinga yamoto magazi asanaume. Zinthu zasintha, inde, koma bodza lija lokha silinakalambe. Asibweni anabwerako ku Joni ndi imvi, pano ndi mkulu wa mpingo. Pamaliro a adada anaimirira, Baibulo m'khwapa, n'kunena kuti mlamu wanga anali wolimba mtima, ng'ona inamulanda dzanja koma sinamulande chikhulupiriro. Anthu anavomera kuti amen.

Atatha anabwera pamphasa ya ife anamfedwa kudzapereka moni. Anatambasula dzanja lamanja, losalala, zala zonse zili m'malo mwake. Ine ndinawapatsa lamanzere. Amama ananditsina pantchafu, azimayi anayamba kunong'ona.

"Pepani asibweni," ndinatero mokweza. "Adada ankapereka moni chonchi."